Telala amene anayamba kusokoneza ulusi: lipoti la wodwala SCA7 ndi mmene ubongo wake unkagwiritsira ntchito shuga

Lipoti ili ndi la bambo a zaka 34, Mchewa wa kum'mawa kwa Zambia, amene ankasoka zovala ku Johannesburg ndipo tinawapeza ndi SCA7, nthenda ya kumtundu yowononga maso ndi mayendedwe. Iwo ndi akazi awo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingawazindikiritse. Ndinawaona ine chifukwa namwino anawamva akulankhula Chinyanja pa benchi, n'kubwera kudzandiuza kuti panja pali akwanu. Kalata imene anabwera nayo kuchokera kwa anzathu a maso inali ya mizere iwiri: maso onse akuchepa mphamvu, magalasi sakuthandiza, akuyenda modzandira, chonde aoneni.

Mmene vuto linayambira

Chinayamba ndi ulusi. Zaka 5 asanabwere kwa ife, makasitomala anayamba kubweza zovala chifukwa msoko wa diresi la buluu wasokedwa ndi ulusi wobiriwira. Iwo ankakana kuti sanalakwitse, mpaka akazi awo anayamba kuwasankhira okha ulusi m'mawa uliwonse. Dzuwa la masana linkawathobwa kwambiri moti ankagwira ntchito atatseka katani, ndipo madzulo ankaona bwinoko kusiyana ndi masana. Anagula magalasi katatu. Kulowetsa ulusi pa singano kunayamba kuvuta, kenako kuwerenga manambala a pa tepi yoyezera.

Patapita zaka 2 miyendo inayamba kusamvera. Ankatsika minibasi atagwira chitseko ndi manja onse awiri, ndipo poyenda ankatangadza miyendo ngati munthu amene waima m'bwato. Kumpingo kunamveka mphekesera zoti ayamba kumwa. Bambowa sanalawepo mowa chibadwire, ndipo pofotokoza zimenezi ndi pamene mawu awo ananjenjemera, osati pofotokoza za maso. M'chaka chomaliza lilime linayamba kulemera, tiyi ankawatsamwa, ndipo anatsika thupi ndi makilogalamu 6.

Kwanu n'kuti?

Madokotala atatu anali atawafunsa kale ngati kumtundu kwawo kuli matenda otere, ndipo pa makadi onse panalembedwa kuti kulibe. Nanenso ndinafunsa chimodzimodzi. "Kwanu kuli wina amene anadwalapo chonchi, bambo?" Anandiwerengera mosazengereza: amayi awo ali moyo ndipo akulima, agogo aakazi anamwalira ali okalamba kwambiri, atsibweni onse ndi a mphamvu, azichemwali awo alibe vuto. Ndinatsala pang'ono kulemba zomwezo. Chinandigwira dzanja n'chakuti pa anthu onse amene anawatchula panalibe ndi mmodzi yemwe wa kwa bambo awo.

Kwa Mchewa, ukati kwanu kapena mtundu wanu, wanena mbumba ya kuchikazi. Bambo ndi mkamwini, anachita kubwera, ndipo ukwati ukatha amanyamula khasu lake n'kubwerera kumene anachokera. Wodwala wathu sananame kwa dokotala aliyense. Anayankha molondola funso limene analimva. Nditafunsa kuti nanga abambo anu, anakhala chete pang'ono n'kunena kuti anachoka pamudzi iwo ali ndi zaka 7, ndipo zimene amadziwa n'zoti anali chidakwa chimene chinkagwa m'njira, kenako anachita khungu n'kumwalira asanakwane zaka 60.

Ndinawapempha kuti aimbire foni azakhali awo. Sabata yotsatira anabwera ndi uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, tinaumvera limodzi. Bambo awo anayamba kudzandira ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo mowa ankamwa wa pa zikondwerero basi. Mng'ono wa bambo awowo anadwala mofanana. Pa ana amene bambo awo anabereka kwa mkazi wachiwiri, mtsikana mmodzi anasiya sukulu chifukwa cha maso, ndipo pano ali ndi zaka 19, amayenda chogwirizidwa. Kumudziko nkhaniyi ankaikamba ngati ya kulodzana pa mlandu wa munda.

Pamenepo chithunzi chinali chitaoneka: mibadwo iwiri yotsatana, amuna ndi akazi omwe, kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndipo ana akuyamba kudwala ali aang'ono kuposa mmene kholo linayambira.

Zimene tinapeza powapima

Nzeru zawo zinali bwinobwino, ankakumbukira miyezo ya makasitomala pamtima. Mawu ankatuluka mokoka, zilembo zina zikumezedwa. Diso lamanja linkawerenga 6/36 ndipo lamanzere 6/24 (diso labwino limawerenga 6/6, nambala yachiwiriyo ikakula ndiye kuti diso lafooka), ndipo kuyang'anira pa kabowo sikunasinthe kanthu. Pa khadi lakale panalembedwa kuti mayeso a mitundu a Ishihara anakhoza. Izi sizodabwitsa, chifukwa mayeso amenewo amafufuza vuto la zofiira ndi zobiriwira, pamene nthenda imene tinkaiganizira imayamba ndi kuwononga kusiyanitsa buluu ndi chikasu. Titawapatsa mayeso a Farnsworth D-15, oti asanje timabatani ta mitundu motsatana, zolakwitsa zambiri zinagwera mbali ya buluu ndi chikasu.

Kumbuyo kwa diso, pa retina, malo a pakati otchedwa macula anali ndi timadontho tooneka ngati mchenga. Mtsempha wa diso sunali wotuwa. Makina a OCT, amene amajambula retina, anaonetsa kuti pakatikati penipeni papyapyala kwambiri m'maso onse, ndipo ERG, imene imayeza mmene retina ikuyankhira kuwala, inaonetsa kuti maselo oona mitundu ndi kuwala kwa masana, ma cone, afooka kwambiri, pamene ma rod, amene timaonera kukada, anali atangoyamba kumene kufooka. Izi zinalongosola katani wotseka uja.

Chimene chinandikhutiritsa ine kwambiri chinali kayendedwe ka maso. Munthu wabwinobwino ukamuuza kuti ayang'ane chala ichi kenako icho, maso amalumpha, sungaone n'komwe ulendo wake. A bambowa ankachita kukwawa kuchoka chala china kupita china, ndipo kuti afulumire ankaphethira n'kutembenuza mutu wonse. Kuyang'ana m'mwamba kunalinso kopereŵera pang'ono.

Pogwira mphuno ndi chala ankaphonya, mbali zonse ziwiri mofanana. Chidendene sichinkatsetsereka mowongoka pa msongolo. Kuyenda mondondozana phazi kutsogolo kwa linzake kunakanika. Mawondo ankadumpha mopitirira tikawagogoda, ndipo tikakanda kuphazi chala chachikulu chinkadzuka m'mwamba, kusonyeza kuti njira zotsika kuchoka ku ubongo kupita ku miyendo nazonso zakhudzidwa. Mphamvu za minofu zinali zonse. Ankamva kunjenjemera kwa foloko yoyezera mpaka ku zala za kuphazi, ndipo kutsinzina sikunawonjezere kudzandira kwenikweni. Makutu ankamva bwino. Pa sikelo ya SARA yoyezera kukula kwa kudzandira, imene inasindikizidwa mu 2006 ndipo imayambira pa 0 kufika pa 40, anapeza 15.

Zimene tinayenera kuchotsa kaye

Kuno kum'mwera kwa Africa, munthu wodzandira amene maso akuchepa sitiyamba ndi kumuganizira nthenda yosowa. HIV analibe, choncho efavirenz, mankhwala a HIV amene madokotala a ku South Africa anaonetsa kuti amatha kudzandiritsa munthu patapita nthawi yaitali akumwa, sanali m'nkhani. TB sanadwalepo, kotero ethambutol, mankhwala a TB amene amatha kuwononga maso, sanamwepo. Magazi a chindoko, vitamini B12, vitamini E, chithokomiro ndi chiwindi anali bwino. Ndinafunsanso za chinangwa, chifukwa kudalira chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira kwagwirizanitsidwa ndi nthenda yodzandira yophatikiza maso ndi makutu. Koma nthenda imeneyo imapha mitsempha ya kumapazi n'kutuwitsa mtsempha wa diso, zimene iwo analibe, ndipo anakulira nsima ya chimanga.

Kudzandira kwa kumtundu kophatikiza ndi kuwonongeka kwa macula kuli ndi dzina limodzi lodziwika kwambiri. Anita Harding wa ku London anakuika m'gulu lakelake kalekale jini yake (malangizo a m'magazi otengera kwa makolo) isanapezeke, ndipo lero timati spinocerebellar ataxia mtundu wa 7, mwachidule SCA7. Tinatumiza magazi ku labotale ya ku Cape Town imene imayeza matenda a gulu limeneli.

Zotsatira za jini

Pano ndipatuke pang'ono. Nditanena kuti tikufuna kuyeza majini, akazi awo anadzidzimuka, poti kwathu majini ndi mizimu yogwira anthu. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndi kunena kuti malangizo a m'magazi amene timatengera kwa makolo, dzina lake ndimalitchula pambuyo.

Jini yake ndi ATXN7, ili pa kromozomu 3, ndipo gulu la akatswiri a ku Paris linaipeza mu 1997. M'kati mwake muli zilembo zitatu, CAG, zimene zimabwerezedwa motsatizana. Anthu ambiri ali ndi 10, ndipo mpaka 27 palibe vuto. Kuyambira 37 kupita m'mwamba nthenda imabwera ndithu, ndipo mwa makanda odwala kwambiri zapezekapo zoposa 400. CAG iliyonse imawonjezera glutamine mmodzi, kachidutswa komangira mapuloteni, pa puloteni yotchedwa ataxin-7, ndiye mchira wa glutamine ukatalika, puloteniyo imapindika molakwika n'kumaunjikana m'kati mwa selo. Wodwala wathu anapezeka ndi 10 pa jini imodzi ndi 51 pa inzake, poti aliyense amatengera imodzi kwa mayi ndi ina kwa bambo.

SCA7 ndi yosowa padziko lonse, koma ili ndi malo amene yachuluka: ku Sweden ndi Finland, m'chigawo cha Veracruz ku Mexico, ndiponso pakati pa anthu akuda a ku South Africa. Mu 2015 akatswiri a ku University of Cape Town pamodzi ndi anzawo a ku Lusaka anaonetsa kuti mabanja odwala SCA7 a ku Zambia ndi a ku South Africa ali ndi zizindikiro zofanana m'mbali mwa jiniyo, kusonyeza kuti anaitengera kwa kholo limodzi lakalekale. Choncho Mchewa wa SCA7 si chozizwitsa. Chosowa ndi kuyezako.

Zithunzi za ubongo

MRI, chithunzi choonetsa maonekedwe a ubongo, tinajambula tisanalandire zotsatira za jini. Pons, kachigawo kotukuka ka pa tsinde la ubongo, inali itafota moonekeratu, mimba yake itaphwa. Cerebellum, ubongo waung'ono wa kunkhongo umene umalinganiza mayendedwe, inali itafota pang'ono chabe, makamaka kumtunda kwa mzere wake wa pakati. Ubongo waukulu unkaoneka bwino. Kutsogola kwa pons kotereku kwalembedwapo kale pa SCA7.

PET, chithunzi choonetsa mmene ziwalo zikudyera shuga, tinaijambula pa chifukwa china osati SCA7, ndipo ndinene zoona, ine sindinaifune. Mnzanga wamkulu pa ntchito anada nkhawa ndi kutsika thupi kuja. Pali khansa zina zimene zimachititsa chitetezo cha thupi kuukira cerebellum ndi retina, iye ankafuna kutsimikiza kuti palibe chotupa chobisala. Ine ndinkaona kuti nthenda yoyenda pang'onopang'ono kwa zaka 5, yokhala ndi abale atatu odwala, si ya khansa. Iye anati munthu wa nthenda ya kumtundu angathenso kukhala ndi chotupa, ndipo pamenepo sindikanamutsutsa. Tinajambula thupi lonse n'kuwonjezera mutu. Chotupa sichinapezeke. Koma chithunzi cha mutucho n'chimene chandichititsa kulemba lipoti ili.

Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 pa 100 a thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zonse zimene munthu amagwiritsa ntchito atangokhala, ndipo chakudya chake chachikulu ndi shuga wa glucose, pafupifupi magalamu 120 patsiku. Ulibe nkhokwe yeniyeni, umadya za tsiku lomwelo kuchokera m'magazi. Pojambula PET timabaya FDG, shuga wonamizira amene wamangiriridwa fluorine-18. Selo limamulowetsa ngati glucose weniweni, enzyme yotchedwa hexokinase imamumata phosphate, ndiye pamenepo amakanirira, sapsa ndipo satuluka msanga. Malo amene akudya kwambiri amawala kwambiri pa chithunzi. Nzeru imeneyi inachokera pa ntchito ya Louis Sokoloff ndi anzake ku America m'zaka za m'ma 1970. Mphamvu ya fluorine-18 imatsika ndi theka pa mphindi pafupifupi 110 zilizonse, n'chifukwa chake makinawa amayenera kukhala kufupi ndi kumene mankhwalawo amapangidwira. Wodwala wathu anasala kudya maola 6, shuga wa m'magazi tinamuyeza n'kupeza ali bwino, ndipo atabayidwa anagona m'chipinda cha kuwala kochepa osalankhula kwa mphindi zoposa 30.

Tinaona zinthu zitatu. Pons inali yozilala, monga tinkayembekezera. Mbali zonse ziwiri za cerebellum ndi mzere wake wa pakati zinali zozilala mofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo kuzilalako kunali kwakukulu kuposa kufota kumene MRI inaonetsa. Kumbuyo kwa ubongo waukulu, kumene kumalandira za m'maso, kunali kotsikirako pang'ono. Zigawo za m'kati mwa ubongo zotchedwa basal ganglia ndi thalamus, komanso ubongo wa kutsogolo, zinkadya bwinobwino.

Pofotokozera banjali ndinati MRI ili ngati munthu amene waima pa chulu n'kumawerenga nyumba za m'mudzi, pamene PET imayang'ana kuti utsi ukufuka pa nyumba ziti. Ku cerebellum kwa bambowa nyumba zambiri zinali chiimire, koma utsi unali utachepa.

Funso ndi lakuti wachepa chifukwa chiyani, ndipo apa m'pamene ndimaona anzathu ena akuthamanga. Chithunzi chozilala sichitanthauza chinthu chimodzi. Choyamba, mnofu ukafota, makina amasakaniza kuwala kwake ndi mdima wa madzi ozungulira, ndiye kachigawo kakang'ono ngati pons kamaoneka kozilala kuposa mmene kalili. Za pons ndikuziwerenga mosamala pa chifukwa chimenechi. Chachiwiri, shuga wambiri muubongo sathera pa kusunga selo lamoyo, amathera pa malumikizano, pamene maselo akupatsirana mauthenga n'kumapopa sodium ndi potassium kuti abwerere m'malo. Cerebellum imalandira mauthenga ambiri ochokera ku ubongo waukulu kudzera mu pons. Pons ikafota, cerebellum imakhala ngati msika umene mlatho wake wakokoloka: ogulitsa alipo, koma malonda achepa. Chachitatu, maselo a Purkinje, amene ndi okhawo otulutsa uthenga kuchoka pa khungu la cerebellum, amadwala nthawi yaitali asanafe, nthambi zawo zikufota ndi kugunda kwawo kukusokonekera. PET payokha singasiyanitse zitatuzi. Mwa wodwala uyu ndikuganiza kuti chachiwiri ndi chachitatu n'zimene zikulongosola kusiyana kwa MRI ndi PET, popeza kufota kwa cerebellum kunali kochepa kwambiri moti sikukanazilalitsa chithunzi chonchija.

Za kumbuyo kwa ubongo waukulu ndinatsutsana ndi lipoti loyamba, limene linati nthenda yafalikira kumeneko. Mbali imeneyo imadya shuga molingana ndi zimene maso akutumiza, moti ngakhale munthu wabwinobwino akatsinzina pa nthawi yodikira ija, chithunzi chake chimatsika. Munthu amene macula ake awonongeka akutumiza zochepa. Titakambirana, lipotilo linasinthidwa kuti kutsikako kukugwirizana ndi vuto la retina.

Tinawonjezeranso MR spectroscopy, imene imagwiritsa ntchito makina a MRI omwewo kuyeza timankhwala ta m'kachigawo kamodzi ka ubongo. Mu pons ndi pakati pa cerebellum, NAA inali yotsika ndipo myo-inositol inali yokwera. NAA imapangidwa mu mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo a mitsempha, choncho imatsika maselowo akafa komanso akangofooka. Myo-inositol imachuluka maselo othandizira, a glia, akachuluka pamalo pamene pavulala.  Zimenezi zikufanana ndi zimene gulu la ku Paris linasindikiza mu 2015 litayeza odwala SCA7 ndi mitundu inzake ya SCA1, SCA2 ndi SCA3. Iwo anapezanso kuti creatine, kamankhwala kena kamene makinawa amayeza, imakwera m'malo omwewo, ndipo ichi n'chofunika kwa aliyense wowerenga zotsatira zotere: labotale zambiri zimapereka NAA itagawidwa ndi creatine, poganiza kuti creatine sisintha. Ikakwera, nambalayo imaoneka yoipa kuposa mmene zinthu zilili.

Kodi puloteni yopindika ikukhudzana bwanji ndi mphamvu za selo? Ataxin-7 ndi chiwalo cha gulu la mapuloteni lotchedwa SAGA, limene limathandiza kutsegula majini ena kuti awerengedwe. Ikawonongeka, majini ambiri amawerengedwa mopereŵera. Mu retina imasokoneza CRX, puloteni imene imayang'anira majini a maselo oona, ndipo apa m'pamene pachokera vuto la maso limene mitundu ina ya SCA ilibe. Mu 2019 gulu la Albert La Spada ku America linaonetsa, pa mbewa za SCA7 ndi pa maselo ochokera kwa odwala, kuti mitochondria imasintha maonekedwe, kupuma kwa selo kumachepa, ndipo NAD+, imene selo limaifuna potentha shuga, imatsika. Ma cone a m'diso ndi maselo a Purkinje ali m'gulu la maselo a njala kwambiri m'thupi, choncho n'zomveka kuti ndi amene amayamba kugwa. Koma zimenezi ndi za mu labotale. Chithunzi cha wodwala mmodzi chojambulidwa tsiku limodzi sichingatsimikize kuti njala ya mphamvu ndi imene inayambitsa kuwonongeka, chimangoonetsa kumene moto wachepa.

Ndikabwerera m'mbuyo, dzina la nthendayi linapezeka ndi zinthu zitatu: uthenga wa azakhali, maso okwawa, ndi macula. Jini inatsimikiza. PET ndi spectroscopy sizinasinthe dzina kapena chithandizo, ndipo dokotala wa ku Chipata kapena ku Lilongwe amene wakumana ndi wodwala wotere asadandaule kuti alibe makinawa. Phindu lake linaonekera kwina kumene sindinkayembekezera. Bambowa anapempha kuti ndiwasindikizire chithunzicho, ngakhale kuti sankachiona bwino, ndipo anakachionetsa kwa akulu a mpingo. Mphekesera za mowa zinatha mwezi womwewo.

Chithandizo

Mankhwala ochiza SCA7 kapena kuichedwetsa palibe, ndipo ndinawauza choncho tsiku limene zotsatira zinabwera. Akazi awo anali atawerenga pa intaneti za omaveloxolone, amene anavomerezedwa ku America mu 2023. Amenewo ndi a Friedreich ataxia, nthenda ina yokhala ndi jini ina. Anafunsanso za mapilitsi owonjezera NAD+ amene amagulitsidwa modula m'mafamase. Ndinati zimene zinaoneka pa mbewa si umboni woti munthu achira nazo, ndipo ndalamazo zingagwire ntchito yabwino pa thiransipoti yopitira ku mafizo. Kafukufuku wa mankhwala otseka jini yolakwikayo, obayidwa m'diso, anathandiza maso a mbewa, ndipo ndinawauza kuti pamenepo m'pamene pali chiyembekezo chenicheni, ngakhale kuti sichinafike pa benchi yathu.

Zimene tinachita ndi izi. Anayamba mafizo olimbitsa kukhazikika kwa thupi kawiri pa sabata, ndi zina zochita okha kunyumba tsiku lililonse. Katswiri wa kulankhula ndi kumeza anawaphunzitsa kumwa ataweramitsa chibwano, pang'onopang'ono, osalankhula chakudya chili m'kamwa. Phala, thobwa lokhuthala ndi nsima yofewa ya ndiwo za msuzi wokhuthala zinkatsika bwino kuposa tiyi ndi madzi, ndipo tinawonjezera nsinjiro ndi chiponde kuti thupi libwerere. A maso anawapatsa magalasi akuda ochepetsa kuthobwa ndi galasi lokulitsa zilembo, n'kuwaikira foni kuti iziwerenga mauthenga mokweza. Baclofen, mankhwala ofewetsa minofu youma, sitinayambe, chifukwa kuuma kwa miyendo kunali kochepa ndipo mankhwalawo akanatha kuwonjezera kugwa. Ndinalemba pa khadi lawo kuti aliyense wofuna kuwapatsa phenytoin, mankhwala a khunyu, kapena mankhwala ogonetsa aganize kawiri, poti angawonjezere kudzandira. Njinga yamoto imene ankaperekera katundu anasiya kuyendetsa.

Ana

Ali ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 10 ndi mnyamata wa zaka 6. Mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera jini yodwalayo. Chovuta china n'chakuti pa matenda onse a CAG, SCA7 ndi imene kubwereza kwake kumasinthasintha kwambiri pochoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo kutalika kwakukulu kumachitika kawirikawiri ikadutsa mwa bambo. N'chifukwa chake bambo a wodwala wathu anayamba ali m'ma 40, wodwalayo ali ndi zaka 29, ndipo mlongo wawo uja asanamalize sukulu. Zimatheka mwana kudwala kholo lake lisanayambe n'komwe kuonetsa zizindikiro.

Akazi awo anapempha kuti anawo ayezedwe tsiku lomwelo. Ndinakana. Mwana amene alibe chizindikiro sitimuyeza nthenda imene tilibe choipewera, chifukwa ndi iye amene adzasankhe akadzakula ngati akufuna kudziwa. "Ndiye tizingokhala n'kumawayang'ana, adokotala?" anatero. Ndinati ayi mayi, tiziwayang'ana ife. Anawo tinawapima maso, mitundu ndi mayendedwe, onse anali bwino, ndipo tinagwirizana kuti aziwonedwa chaka chilichonse komanso msanga ngati mmodzi wayamba kuyandikitsa kope kumaso kapena kugwagwa. Chizindikiro chikaoneka, kuyeza jini kumakhala koyenera. Mayiwo sanakhutire, ndipo sindinayembekezere kuti akhutire. Tinawatumiza kwa alangizi a za majini, amene anakambirana nawonso za kulera ndi za kuyeza mimba ngati angadzafune mwana wina.

Nkhani ya kumudzi inali ndi mfundo yakeyake. Mwa mwambo, wopereka uthenga wolemera wa banja ndi atsibweni, koma atsibweni a bambowa alibe mawu pa mudzi wa kwa bambo awo, ndipo nthendayi si ya mbumba yawo. Pomaliza anasankha azakhali aja. Ndinalemba kalata ya Chingerezi yopita kwa dokotala aliyense amene angaone mlongo wawoyo, yotchula dzina la nthenda ndi jini yoyenera kuyeza, ndi ina ya Chichewa yoti iwerengedwe pabanja. Ndinalangiza kuti apite ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kumene maphunziro a ukatswiri wa matenda a ubongo anayamba mu 2018.

Patapita miyezi 18

SARA inakwera kuchoka pa 15 kufika pa 18, makamaka pa kuyenda ndi kuima. Maso onse awiri anafika pa 6/60. M'nyumba amayenda akugwira khoma, panja amagwiritsa ntchito ndodo ya miyendo inayi, ndipo anagwa kawiri popanda kuvulala. Thupi linabwerera makilogalamu 4, ndipo chifuwa cha chibayo sanadwale. Kusoka anasiya. Makinawo akusokera ndi akazi awo, iwo amalandira maoda pa foni n'kumakumbutsa miyezo. Tinawafunsa za kukhumudwa ndi tulo pa ulendo uliwonse, ndipo pa ulendo wachitatu anavomera kuonana ndi mlangizi.

PET sitinabwereze ndipo sitikufuna kubwereza. Pa ulendo wotsatira tidzajambula kamezedwe kawo pa X-ray, chifukwa mayiwo akuti kukhosomola pa nthawi ya chakudya kwayambiranso, ndipo tidzayamba kukambirana za njinga ya olumala ya maulendo ataliatali. Mlongo wawo anafika ku Lusaka kamodzi. Magazi ake sanatumizidwebe, banja likusonkha ndalama.